Fupa Limene Guluu Anamata

Moni kwa inu nonse owerenga anga okondedwa, kulikonse kumene nkhaniyi yakupezani. Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene watidzutsa lero, poti sikuti tinali olungama kuposa amene sanadzuke. Ndithokozenso inu amene mumandilembera kuti mukuwapempherera Tepi ndi Guluu ngati ana anu. Musaleke, pakuti sabata imene ndikufotokozereni lero inali yolemera.

Kwa amene mwangotipeza kumene, Tepi ndi mtsikana amene akumaliza maphunziro ake apamwamba pa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Ntchito yake ndi kuyeza mafupa a miyendo ya madayinoso, makamaka aja a makosi ndi michira italiitali otchedwa masoropodi, zilombo zimene Mlengi anaziyendetsa pa dziko lino ife tisanabwere. Amafuna kudziwa m'mene zinkayendera. Dzinali anamupatsa ndi anzake chifukwa tepi yoyezera sichoka m'khosi mwake, ndipo tsiku lina anaimba nayo kwaya. Guluu ndi mmisiri wa m'chipinda chapansi, amene amapala miyala pa mafupa ndi kulumikiza zidutswa. Akhala pa chibwenzi zaka zitatu. Bambo ake a Tepi, osoka nsapato, anamukana Guluu kawiri. Kachitatu anangouza Tepi kuti, "Ubwere naye Lamulungu tikaweruka kutchalitchi. Yankho langa adzalimve yekha."

* * *

Lachiwiri m'mawa Guluu anakwera masitepe atanyamula makapu awiri a tiyi. Anamupeza Tepi atawerama pa tebulo lalitali pamene panagona fupa la ntchafu. Fupalo linali lalitali kuposa mtsikanayo, lofiirira ngati buledi wopserera, ndipo analigoneka pa masiponji.

"Amuna ako agona bwanji?" Guluu anafunsa akuloza fupalo ndi chibwano.

"Agona bwino. Awa ndiye sachedwa ndi tiyi ngati anthu ena."

"Komanso sayankha. N'chifukwa chake umawakonda."

Tepi anaseka, nam'koka malaya. "Bwera uone. Mutu uwu, pamene fupa limalowa m'chiuno, wapendekera m'kati. Ndiye kuti mwendo wonse unkatulukira panja chonchi." Anatangadza miyendo nayenda ngati mwana wovala thewera lonyowa. "Abale ake a nthawi imeneyo ankayenda miyendo ili pafupi, yowongoka ngati nsanamira, mapazi kutsatana pamzere. Oyenda motangadza anabwera pambuyo kwambiri. Koma agogo awa anayamba kale, ndipo palibe amene ankadziwa."

"Wandiuza kakhumi."

"Ndikukuuzanso poti dzulo kwabwera kalata. Pepala la kafukufuku wanga alivomera kuti alisindikize, Guluu. Angopempha chinthu chimodzi, chithunzi cha m'kati mwa fupa kuti aone kukhuthala kwake. A Magalasi ati makina ali ndi mpata Lachinayi."

A Magalasi ndi amene amayang'anira makina ounikira m'kati mwa mafupa kuyunivesite. Ndi munthu wophunzira, wa galimoto yoyera, ndipo anamufunsira Tepi kawiri n'kukanidwa kawiri. Amayi ake a Tepi mpaka pano amawatchula m'mapemphero.

Tiyi anatayikira pa chala cha Guluu, koma sanapukute.

"Fupa ili ndi lolemera," anatero. "Likathyoka panjira?"

"Ukhala ulipo, ulimata."

"Sangalandire popanda chithunzicho?"

Tepi anaika kapu pansi nam'yang'anitsitsa. "Ndi a Magalasi, eti? Zaka zitatu zonsezi ukuganizabe kuti ndingatengeke ndi galimoto? Ndinakwera njinga yako yopanda mabuleki mpaka tinagwera mu ngalande, koma ndikadali pano."

"Si zimenezo."

"Nanga ndi chiyani?"

Guluu anatsegula pakamwa. Anayang'ana fupa, anayang'ana nkhope ya Tepi imene inali kuwala ngati ya munthu wochokera ku ubatizo.

"Tiyi wako akuzizira," anatero, natsika masitepe.

* * *

Owerenga, ine ndisakubisireni monga anabisira Guluu.

Pa ntchito yawo pali lamulo limene mmisiri aliyense amaphunzitsidwa sabata yoyamba. Fupa likabwera ndi malo operewera, umadzaza ndi pulasitala kuti liime. Koma pulasitalayo umam'paka penti wotuwirako pang'ono, ndipo umajambula pa khadi la fupalo pamene wadzaza. Amatero kuti woyeza adziwe pamene pathera ntchito ya Mulungu ndi pamene payambira ntchito ya munthu.

Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo Guluu anali wachilendo, ali pa miyezi itatu yoyesedwa. Mmisiri wamkulu anali m'chipatala. Fupa la ntchafu lija linabwera zidutswa ziwiri, ndipo pansi pa mutu panali poperewera, kutalika ngati kuchokera pa chigongono mpaka pa dzanja. Guluu analowetsa chitsulo pakati, nadzaza pulasitala, napendeketsa mutuwo m'mene diso lake linakondera. Kenako mtima wofuna kutamandidwa unamugwira. Anasakaniza mitundu isanu ndi iwiri ya penti mpaka inafanana ndi fupa, najambula ming'alu ndi singano. Pa khadi sanalembepo kanthu. Akuluakulu atabwera anagwedeza mitu, wina nalemba pa khadipo kuti "lathunthu", ndipo Guluu analembedwa ntchito.

Anazindikira kukula kwa tchimo lake zaka ziwiri zapitazo, tsiku limene Tepi anathamangira pansi ndi pepala la manambala, misozi ya chimwemwe ili m'maso, akuti wapeza chinthu chatsopano. Kupendekera kumene anapezako kunali kwa dzanja la Guluu. Tsiku limenelo anati adzanena mawa. Mawa linasanduka sabata, sabata inasanduka chaka.

Madzulo a Lachiwirilo ali mu basi analemba pa foni: "Tepi, pali chimene ndiyenera kukuuza za fupa lija." Anafufuta. Analembanso: "Usanapite Lachinayi tionane." Anafufutanso. Chimene anatumiza chinali chakuti, "Wafika bwino?"

"Ndafika. Wansanje wanga wadya?"

"Ndadya."

"Bodza. Lamulungu udzavale malaya a buluu aja, osati a mawanga a penti. Ndipo usaiwale kupemphera."

"Ndipemphera," anayankha. Anapempheradi, koma pemphero lake linali lakuti makina awonongeke, ndipo mapemphero otere sapitirira denga.

* * *

Lachitatu masana Tepi anadutsa ku shopu ya bambo ake. Ndi kachipinda kopapatiza konunkha chikopa ndi polishi, nsapato zili mizere mpaka kudenga. Anapeza amayi ake abweretsa chakudya, atakhala pa benchi ya makasitomala.

"Wabwera bwino," amayiwo anayamba asanamupatse n'komwe moni. "Ndiuze, anzanga a kumapemphero akandifunsa kuti mkamwini amagwira ntchito yanji, ndiziti chiyani? Ndiziti amamata?"

"Muziti ndi mmisiri, amayi."

"Mmisiri wa mafupa a zinthu zakufa. A dokotala aja, a Magalasi, anatipatsa moni Lamulungu lija, mpaka kutsika m'galimoto. Ulemu wake umenewo. Iwe waphunzira mpaka tsitsi kuthothoka, ndiye ukatengedwe ndi munthu wa guluu m'zikhadabo?"

Bambo ake anachotsa misomali iwiri imene anailuma pakamwa. "Amake mwana, inu munakwatiwa ndi ndani? Zaka makumi atatu ndi zisanu mukudya za guluu, ndipo simunaonde."

"N'chifukwa chake ndikulankhula. Ndikuzidziwa."

Anatola mbale zawo natuluka, akung'ung'udza. Tepi anakhala pa benchipo. Bambo ake anapitiriza kukhoma chidendene kwa kanthawi, kenako analankhula osadzutsa mutu.

"Mwezi watha anabwera kuno mnyamata wako. Sanakuuze?"

"Ayi."

"Anati akufuna ndimudziwe. Ndinam'patsa nsapato yong'ambika kuti ndione manja ake. Anasoka bwino. Ndiye pondibwezera anati, bambo, apa singano inaphonya. Ine sindinapaone, ndi magalasi omwe." Anakhoma kawiri. "Ndinam'kana kawiri poti sindinkamudziwa. Mwana wamkazi ndili naye mmodzi."

"Ndiye yankho lanu ndi lotani, ababa?"

"Lamulungu lafika?"

"Ayi."

"Ndiye ndipatse nyundo yaing'onoyo."

Anatuluka m'shopumo akuimba chamumtima. Ndikakumbukira m'mene anayendera tsiku limenelo, mopepuka ngati mwana wa sukulu tsiku lotsekera, ndimamva chisoni, poti linali tsiku lake lomaliza kuyenda choncho.

* * *

Lachinayi amuna anayi ananyamula fupa m'bokosi lake mpaka kuyunivesite. Guluu anali mmodzi wa iwo. Atangoligoneka pa bedi la makina anati wasiya ntchito ina pamoto, nachoka osayang'ana m'mbuyo.

Makina analira kwa ola lathunthu. Tepi anakhala kuseri kwa galasi pambali pa a Magalasi, akuyang'ana zithunzi zikutuluka pa kompyuta chimodzichimodzi, kuyambira ku bondo kukwera m'mwamba.

"Mwaona kukongola kwake?" a Magalasi anatero. "Kunja khoma lokhuthala, m'kati timabowo ngati siponji. Chilombo cholemera ngati malole angapo chinkaima pa zimenezi."

Zithunzi zinapitirira kukwera. Kenako timabowo tinatha. Panabwera malo osalala ngati sopo, ndipo pakati pake kadontho kowala kwambiri. A Magalasi anavula magalasi awo, anawapukuta, nawavalanso. Anabweza zithunzi m'mbuyo, napitanso nazo kutsogolo.

"Ichi n'chiyani?" Tepi anafunsa.

"Chowalacho ndi chitsulo. Chosalalacho ndi pulasitala. Masentimita makumi atatu, kuyambira apa mpaka pansi pa mutu."

"Ndiye kupendekera kwa mutu..."

"Ndi maganizo a amene anamata. Akanafuna akanaupendeketsa kwina, agogo anu akanayenda ngati msilikali." Anatsamira pa mpando. "Koma ndinene zoona, ndi mmisiri. Ndaona mafupa ambiri, ndipo ine ndemwe ndi maso sindikanadziwa. Mukumudziwa amene anagwira ntchitoyi?"

Khadi la fupalo Tepi ankalidziwa pamtima, ndi chaka chake chomwe. Chaka chimenecho m'chipinda chapansi munali munthu mmodzi yekha.

"Mwina anaiwala," anatero motsitsa mawu. "Anali wachilendo. Mwina sadziwa kuti ndi malo omwewo amene ndimayeza."

"Mwina," a Magalasi anavomera mofatsa, kufatsa kumene kumapweteka kuposa mwano. "Ngakhale ndikudabwa, poti lero wathawa ngati wakuba. Koma musalire. Ndili ndi zithunzi za mafupa a miyendo makumi anayi zimene palibe anazilembapo kanthu. Tikhoza kulemba limodzi, dzina lanu patsogolo. Tikambirane pa chakudya Loweruka."

"Zikomo. Ndili ndi zochita."

"Chabwino. Koma lipoti la zimene taonazi ndiyenera kutumiza kwa a Dayilekita anu lero lomwe. Ndi lamulo, si ine."

* * *

Tepi anamupeza Guluu m'chipinda chake chapansi, atakhala pa situlu, manja ali pa mawondo. Zida zonse zinali zopukutidwa, zoikidwa m'malo mwake. Pa tebulo panalibe fupa lililonse.

Tepi anatseka chitseko. Anaima pomwepo.

"Ndiuze kuti unaiwala," anatero. "Ndikupempha. Ndiuze kuti sunkadziwa, ndikhulupirira."

Guluu anayang'ana pansi. "Ndinkadziwa."

"Kuyambira liti?"

"Tsiku lija unabwera ndi pepala la manambala."

"Zaka ziwiri." Tepi anagwira m'mphepete mwa tebulo. "Tsiku limenelo unandinyamula. Unandizunguza m'chipinda muno mpaka ndinagunda nyale. Unkadziwa uli chinyamulire?"

"Ndinkafuna kunena. Unali wokondwa, Tepi. Sindinakuonepo wokondwa choncho. Ndinati ndidikire mawa."

"Ndiye unandisiya ndikaime pamaso pa anthu mazana awiri ku msonkhano, ndikuwaphunzitsa za pulasitala wako. Ndinkakuyesezera iweyo m'chipinda muno, iwe n'kumawomba m'manja."

"Ndinkaopa kuti undisiya."

"Ukanandiuza tsiku limenelo ndikanalira sabata imodzi, n'kukutukwana, n'kuyamba fupa lina. Pulasitala ndi pulasitala. Unali mwana, unkafuna ntchito. Zimenezo ndikanakhululuka madzulo omwewo. Koma tinagwada, Guluu. Pa benchi ya kumbuyo kutchalitchi, tsiku limene ndinatumiza pepala. Ndinapempha Ambuye kuti choonadi chimene ndapeza chilandiridwe. Iwe unagwira dzanja langa n'kunena kuti ameni. Unkayankhula ndi ndani?"

Misozi ya Guluu inatsika n'kugwera pa epuloni yake.

"Lachiwiri ndinakuseka kuti uli ndi nsanje. Ndinagona ndikumwetulira kuti ndili ndi mwamuna wondikonda mpaka nsanje. Ngakhale pamenepo unandisiya ndikhale chitsiru."

"Ndiuze chochita. Chilichonse."

"Sindikudziwa. Ine ntchito yanga ndi kusiyanitsa chenicheni ndi chomata, ndipo ndalephera pa fupa limene ndaligwira tsiku ndi tsiku zaka zitatu. Tsopano ndikakuyang'ana iwe sindikudziwa kuti ndiyambire pati."

Anavula tepi m'khosi, anaipinda, naiika m'chikwama. Anatuluka osamenyetsa chitseko. Guluu akanakonda chikanamenyetsedwa.

* * *

Lachisanu a Dayilekita anaitana Tepi. Ndi mayi wachikulire wa imvi, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito, amene anamulandira Tepi ali wophunzira wa chaka choyamba. Pa tebulo pawo panali mapepala awiri.

"Khala pansi, mwana wanga. Ili ndi lipoti la ku makina. Iyi ndi kalata ya Guluu. Wabweretsa m'mawa uno, wavomera zonse ndipo wasiya ntchito. Walemba kuti iwe sunkadziwa kanthu, walemba katatu."

"Ndi zoona, amayi."

"Ine ndikukhulupirira. Koma si ine ndekha." Anatembenuza lipoti nam'lozera mzere womaliza. "Werenga apa."

Tepi anawerenga. A Magalasi analemba kuti komiti yoona za maphunziro a Tepi ingafune kudziwa kuti womata fupa ndi wolemba pepala ali pa ubwenzi wa zaka zitatu, ndipo akukonzekera ukwati.

"Sananame," a Dayilekita anatero. "N'chifukwa chake n'zopweteka. Komiti ikumana mwezi wamawa. Akapeza kuti unalakwitsa chabe, uchotsa pepala, uwonjezera chaka, umaliza ndi mafupa ena. Akapeza kuti unkadziwa, maphunziro ako athera pomwepo, ndipo palibe nyumba ya mafupa imene idzakutsegulire kabati."

"Koma iye walemba kuti sindinkadziwa."

"Mwamuna wokonda mkazi angalembe chiyani china? Adzatero." Mayiwo anapuma kwambiri. "Ndikhala nawo pa komitiyo, ndipo anthu ake ndikuwadziwa. Adzafunsa funso limodzi: mtsikanayu atazindikira kuti wanamizidwa zaka ziwiri, anachita chiyani? Akamva kuti patangopita masiku atatu anamutengera mnyamatayo kwa makolo ake, sindidzakhala ndi mawu okutetezera."

"Mukundiuza kuti ndimusiye?"

"Sindingakuuze zimenezo. Ine ndinakwatiwa ndi munthu amene aliyense ankamukana, ndipo ndinamuika m'manda ndikumukondabe. Ndikungokuuza m'mene chipinda chija chidzaonere."

Tepi anatsika masitepe ngati munthu wochokera ku maliro. Anadutsa pa chipinda cha mafupa osalowa.

* * *

Loweruka sanatuluke m'chipinda chake. Anauza amayi ake kuti mutu ukumupweteka, ndipo linali bodza lochepa chabe, poti unkapwetekadi. Foni inkalira pa bedi.

Guluu: "Ndapereka kalata. Sindikufuna undiyankhe, ndimangofuna udziwe."

A Magalasi: "Pepani ndi mzere uja. Ndinayenera kulemba zonse. Zithunzi makumi anayi zija zikudikirabe."

Guluu, patapita maola awiri: "Mawa bambo akundidikira. Ndikapanda kubwera ndi mwano. Ndikabwera mwina ndi mwano woposa. Ndichita chimene unene."

Tepi anagwada pambali pa bedi. Anayesa kupemphera koma mawu anakana. Akati apemphe mtima wokhululuka, ankaona nkhope za a komiti. Akati apemphe kuti maphunziro ake apulumuke, ankaona Guluu pa situlu paja, zida zake zopukutidwa, munthu amene ntchito ya manja ake inali moyo wake wonse ndipo tsopano analibe kolowera Lolemba. Ankamukwiyira mpaka kunjenjemera. Ankafunanso kudziwa ngati wadya. Abale anga, amene munakondapo mukudziwa kuti ziwirizi zimatha kugona pa pilo mmodzi.

Kuseri kwa chitseko ankamva bambo ake akupolisha nsapato zawo za kutchalitchi, akuimba chapansipansi.

* * *

Lamulungu anaima pa mzere wake wa kwaya, pakamwa pakutseguka koma mawu osatuluka. Benchi ya kumbuyo inali yopanda munthu. Ataweruka anayenda ndi makolo ake mpaka kunyumba, amayi ake akudandaula za dzuwa, bambo ake atavala tayi yawo ya masiku aakulu.

Pabalaza bambowo anakoka mpando wawo, uja umene palibe wina amaukhalira, nauika moyang'anana ndi khomo.

"Mpando wanuwo mukuupatsa ndani?" amayi anafunsa.

"Mlendo. Ikani makapu abwino aja."

"Makapu abwino ndi a alendo olemekezeka."

"Amake mwana, ikani makapu."

Tepi anathawira kuchipinda kwake. Foni inalira ali chitsekere chitseko.

"Ndili pa geti. Ndavala malaya a buluu. Ukati lowa ndilowa n'kuwauza bambo zonse ndekha. Ukati bwerera ndibwerera, ndipo sindidzakuvutitsanso."

Anakhala pa bedi, foni ili m'manja onse awiri. Anaganiza za zaka zimene bambo ake anakhala akukhoma zidendene mpaka msana kupindika kuti iye aphunzire. Anaganiza za mawu a Dayilekita. Anaganiza za dzanja lija pa benchi ya kumbuyo ndi ameni uja. Analemba mawu amodzi, anatseka maso, natumiza.

"Bwerera."

Anakhala choncho, akudikira kuti misozi ibwere. M'malo mwake anamva geti likulira, kenako mawu a bambo ake pabwalo, okwera ndi osangalala m'mene anali asanawamvepo.

"Iwe, ukuima padzuwa ngati wotsatsa malonda bwanji? Ndakuona pa windo kalekale. Lowa, lowa."

Tepi anathamangira pabalaza. Bambo ake anali akulowa, atagwira Guluu dzanja lamanja ndi manja awo onse awiri, akumukoka ngati mwana wamanyazi. Guluu anali atawonda m'masiku atatu okha. Malaya a buluu anali ositidwa bwino.

"Bambo, ndisanakhale pansi pali zimene ndiyenera..."

"Zako unena pambuyo. Ine ndasunga zanga sabata yonse, zikundiwotcha." Bambowo sanamusiye dzanja. Anatembenukira kwa akazi awo ndi kwa mwana wawo. "Ndinamukana kawiri munthu uyu, ndipo sanapse mtima, sanatembenuke. Ndamuyang'ana manja, ndamuyang'ana pakamwa. Ndi munthu amene amakuonetsa yekha pamene walakwitsa. Wotereyu ndingam'patse mwana wanga n'kugona tulo. Ndavomera. Kuyambira lero ndiwe mwana wa m'nyumba muno, ndipo Mulungu amene wandisungira mtsikanayu akusungireni nonse awiri."

Amayi anaika makapu pa tebulo mwamphamvu. Tepi anagwira felemu la chitseko. Mawu amene anawapempherera zaka zitatu anali atanenedwa, ndipo anamugwera ngati dothi la pa bokosi la maliro.

Bambo atamusiya dzanja, Guluu anakumbukira foni imene inanjenjemera m'thumba mwake pamene ankakokedwa pa geti. Anayang'ana Tepi. Tepi anapukusa mutu pang'ono, koma iye sanamvetse, kapena anamvetsa mochedwa. Anaitulutsa, nawerenga.

Anawerenga nthawi yaitali kuposa imene mawu amodzi amafuna. Kenako anadzutsa maso, ndipo munalibe mkwiyo m'menemo, chimene chinamupweteka Tepi koposa.

Kumwetulira kwa bambo kunayamba kuzilala. Anayang'ana mnyamatayo, anayang'ana mwana wawo, anayang'ananso mnyamatayo.

"Kwagwanji? Ndi uthenga wa maliro?"



"Mwana wanga," bambowo anatero kwa Guluu, natambasula dzanja lawo la zipsera za singano. "M'nyumba muno sitibisirana. Ndipatse ndione."

Owerenga anga, ndikusiyirani anthu anayiwa ali chiimire, tiyi akuzizira pa tebulo. Ambuye amene amaona zobisika za m'kati mwathu popanda makina, koma osatitaya, akugwireni dzanja sabata ino. Akupatseni kulimba mtima konena lero zimene mwakhala mukuti mudzanena mawa. Atonthoze amene mwagona ndi misozi chifukwa cha munthu amene mumamukonda, asunge mabanja anu ndi ntchito za manja anu, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.